Dzanja Lamanzere la ba Nicodemus

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ba Nicodemus Mwenya ankayendetsa minibasi ya ku Kabwata, ndipo sanagundepo ngakhale nkhuku. Izi ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Msana utatopa ndi mabampu, anapeza ntchito ku Kabulonga yoyendetsa ba Charlotte, mayi wa ku banki, pa galimoto yatsopano yonunkhira pulasitiki.

Tsiku lachitatu ku Woodlands anazemba dzenje mwachiminibasi, osayatsa indiketa, ndipo chiwongolero chinakoka chokha. Pang'ono pokha, ngati munthu wakugunda chigongono. Ba Nicodemus anayang'ana dzanja lawo. Bambo awo ku Mansa zinayamba chonchi: dzanja lamanzere kutaya khasu, kenako mbali yonse kufa.

Sanauze munthu. Dalaivala wa manja okayikitsa angamusunge ndani? Ankafinya chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi, thukuta lili kamukamu, koma chinkakokabe. M'mawa uliwonse ankadziyesa ponyamula ndowa yamadzi ndi dzanja lamanzere, mkazi wawo ba Lena asakuona. Mantha anawadya, lamba mpaka kuboola bowo lina.

Patatha milungu iwiri ba Charlotte anafunsa ali kumbuyo. "Ba Nico, mulimbana na ndani kansi?"

Ba Nicodemus anaulula zonse. Mayiyo anaseka mpaka misozi.

"Ni motoka iyo! Ili na kamela, iona mizele ya mu msewu. Mukajumpha muzele osayasha indiketa, ikubwezani. Si manja yanu iyayi."

"Manje tili babili pa sitelingi?"

"Babili. Ngati simufuna, zimyani pa batani apo."

Anazimitsa pomwepo, mwaukali ndithu. Madzulo analowa m'nyumba ku Kabwata akuimba nyimbo ya kwaya, nanyoza galimoto zamakono zofuna kuphunzitsa munthu wamkulu ntchito yake. Ndowa ija anasiya kuinyamula.

Lachisanu m'mawa, atasiya ba Charlotte ku ofesi, anatumidwa ku Chelstone. Msewu unali wosalala, wopanda dzenje ngakhale limodzi. Galimoto inayamba kupatukira kumanja, kumene kunkabwera lole ya simenti. Hutala inalira. Anakhotetsa ndi dzanja limodzi, lole inangoti fyuu, iwo nakaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi mayi wogulitsa chimanga chootcha.

Anayang'ana batani lija. Linali lozimitsa, monga analisiyira. Kenako anayang'ana dzanja lamanzere. Linali gone pantchafu, chikhatho kumwamba, ndipo sanadziwe kuti lagwa nthawi yanji. Analiuza kuti lidzuke, koma linangogwedeza chala chimodzi.

Mantha amene anasekedwa aja anabwerera onse. Kiliniki inali patsogolo pang'ono, ndipo panalibe wina woyendetsa. Anatambasula dzanja lamanja nayatsa batani lija, kanyali kobiriwira nkuwala.

"Gwilako naiwe, mwana," ananong'oneza galimotoyo. "Nasala neka."