Chikhomo cha Bu Ngatinem

Bu Ngatinem, kunena kuti Mayi Ngatinem m'chinenero cha kwawo, sanapite patali ndi sukulu, koma zamalamulo a madzi musawayese. Dimba lawo la kangkung, ndiwo zamasamba zokonda chinyontho, linali kumunsi kwa malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi za m'tauni, pomwe chipaipi chimalavulira m'khwawa. Chilimwe chikafika khwawalo linkauma gwa, koma paipi sinkadziwa nyengo, poti anthu a m'tauni saleka kudya. Dimba limenelo ndilo linawadyetsa ndi ana awo atatu chimwalirireni bambo wa pakhomo.

Adani anali awiri. Woyamba anali Pak Haryadi, kunena kuti Bambo Haryadi, wa zaumoyo, amene ankati madzi otuluka m'paipi, ngakhale ayeretsedwe chotani, lamulo limawatcha otayidwa, ndipo sathirira ndiwo. Wachiwiri anali Pak Wagiran, wogawa madzi kwa alimi a mpunga, amene ankati chilichonse choyenda m'khwawa ndi madzi a mtsinje, ndipo wopanda dzina m'gulu la alimi asawakhudze. Aliyense anawalembera mayiwo kalata yowaletsa, yodinda bwino.

Wina akanalira. Bu Ngatinem anakulunga makalatawo m'pulasitiki, nawasunga m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo. Pak Haryadi akabwera, ankawathirira tiyi wotsekemera n'kuwaonetsa kalata ya Pak Wagiran: boma lomwe lanena kuti awa ndi madzi a mtsinje, nanga a zaumoyo akufunapo chiyani? Pak Wagiran akabwera, ankawatulutsira inayo.

"Pak, inu munthu wopemphera, mukulimbirana nane madzi a kuchimbudzi?"

Bamboyo ankachoka akupukuta m'manja. Zinayenda choncho zaka zinayi, mpaka tsiku lina njinga zamoto za abambo awiriwo zinaima pakhomo nthawi imodzi. Apo mayiwo anangoyala makalata onse awiri patsogolo pawo. Abambowo atakumana maso ndi maso pa makalatawo, anaiwala za dimba n'kuyamba kulozana zala, aliyense akuti mnzake walowerera ntchito ya eni.

Nkhani inakafika ku boma, ndipo yankho linabwera patapita miyezi: madzi ndi otayidwa kufikira pomwe akumana ndi khwawa, kuyambira pamenepo ndi a mtsinje. Woyeza malo anabwera kudzakhoma chikhomo chofiira pamalirepo. Kumtunda kwa chikhomo kunali kwa Pak Haryadi, kumunsi kwa Pak Wagiran, ndipo konseko mayiwo analetsedwa. Anthu anati basi, kangkung watha. Mayiwo anatha sabata yonse akungoona masamba akufota.

Lolemba lotsatira abambo aja anabwera limodzi kudzaona ngati lamulo likutsatidwa. Anapeza chikhomo chili pomwepo, chosasunthidwa ngakhale pang'ono. Koma mozungulira icho mayiwo anali atakumba kadziwe, chikhomo chili chilili pakati pa madzi, iwo akumiza ndowa pamenepo penipeni.

Pak Haryadi anafunsa kuti madzi amenewo ndi ati. Bu Ngatinem anatula ndowa patsogolo pawo mwaulemu wonse.

"Inenso sindikudziwa, Pak. Aliyense apatulemo akewo, otsalawo ndithirire."

Abambowo anasuzumira m'ndowamo kwa kanthawi. Kenako Pak Wagiran anati nkhaniyi njofunika kulembera ku boma, ndipo Pak Haryadi anavomera msangamsanga.

Yankho silinabwerebe. Bu Ngatinem amapempherera bwana woyankha makalatayo tsiku ndi tsiku, kuti akhale ndi moyo wautali komanso ntchito yambiri.