Sindinanene Madzi

Ntchito ya ku nasale ndinaipeza bambo a kunyumba atamwalira, ana atabalalika, nyumba ya ku Kabwata itatsala ndi ine ndi wailesi basi. Anandiuza ndi mayi wina wogulitsa tomato pamsika, kuti ku Woodlands akufuna munthu wachikulire wotsuka makapu ndi kuperekeza ana kuchimbudzi. Sindinamukhulupirire. Munthu akakulozera chabwino, uzifunsa chifukwa chake sanachitenge yekha. Ndinapita ndithu, koma ndinazungulira mpanda kawiri ndisanagogode.

Mwini sukulu, Ba Mulenga, anandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato. "Ambuya, kuno sitimenya bana," anatero. "Muzakwanisa?"

Ana a pasukulupo anali a zaka zitatu ndi zinayi, osamva ngati mbuzi. Mphunzitsi wawo, Mwila, ankakuwa mpaka mawu kusasa. Ine ndinatenga chivindikiro cha poto ndi supuni. Kugogoda kamodzi, imirirani. Kawiri, khalani pansi. Katatu, gwirani phewa la mnzanu, tikasambe m'manja. Pakhonde ndinajambula mzere ndi choko, woyendapo ngati mlatho. Mwana ukamulamula amakana, koma ukati ndi masewera amatchera khutu.

Ankakonda kwambiri masewera a mwala ndi madzi. Ndikati "madzi", ankathamanga bwalo lonse. Ndikati "mwala", aliyense ankauma pomwe ali, osagwedeza ngakhale chala, mpaka ndinenenso "madzi". Wopambana nthawi zonse anali Mutinta, kamtsikana kachete, kopanda mnzake. Masana ine ndinkadya ndekha kuseri, pafupi ndi thanki, chifukwa antchito anzanga ankanditcha "ba polisi". Mutinta ankabwera kudzakhala pambali panga.

Tsiku lovutalo linali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nditangonena "mwala", belu la pageti linalira. Ndinapeza mwamuna wa magalasi akuda.

"Muli shani, ba mayo? Nabwela kutenga Mapalo. Ndine amalume bake."

"Dzina lanu mulibe m'buku la odzatenga ana."

"Imwe ba mayo, nioneka monga kawalala ine?"

"Wakuba salemba pamphumi, bambo. Tiyeni ndione reji."

Anatulutsa chitupacho akung'ung'udza. Ndinayerekeza nkhope ndi chithunzi. Ba Mulenga anali atapita m'tauni, ndiye ndinaimbira mayi wa mwanayo ndekha. Osayankha. Ndinaimbanso, kenaka ndinadikira, ndaima pakati pa geti ngati chitseko. Mayiyo atayankha, anati ndi mlongo wake weniweni. Ndinabwerera mkati ndikudzitama mumtima kuti pano sipadutsa munthu chisawawa.

Pabwalo panali zii. Mwila anali ataitana ana kuphala, onse n'kuthamangira mkati, iye osawawerenga. Koma pakati pa bwalo, padzuwa, Mutinta anali chiimire, mkono umodzi m'mwamba monga momwe mawu anga anamupezera. Nyerere zinali zikukwera m'miyendo. Diresi linali lonyowa, ndipo pansi pake panali kachithaphwi katayamba kale kuuma.

"Iwe mwana, osalowa ndi anzako bwanji?"

Anayankha osatsegula pakamwa kwenikweni, kuopa kugwedezeka. "Simunakambe madzi, ambuya."

Ndinanena. Mkono uja unagwa ngati nthambi. Ndinamunyamula, thupi lili moto, ndinamusambitsa, ndinamupatsa madzi akumwa pang'onopang'ono. Sanalire. Ankangondiyang'ana kuti ndimuuze ngati wapambana.

Ba Mulenga atabwera anati, "Tizabauza amai bake kuti anadwala chabe." Ndinakana. Madzulo ndinawauza ndekha mayi a Mutinta pageti, zonse. Mayiyo sanatukwane, ndipo bwenzi zili bwino akanatukwana. Anangomubereka mwana wake n'kumapita. Lolemba Mutinta sanabwere. Ndinamva kuti anamusamutsira ku sukulu ina ku Chelstone.

Ndinagwira pamenepo zaka zina zisanu. Kuyambira tsiku lija sindinkatembenuka masewera asanathe, ngakhale pageti pagogode ndani, ndipo ndinkawerenga mitu polowa ndi potuluka. Mwana watsopano aliyense ndinkayamba kumuphunzitsa ichi: ukamva kuwawa, masewera atha, kamba, ngakhale ambuya sananene.

Inu amene mukufuna ntchitoyi, mwana wovuta asakudetseni nkhawa, phokoso lake limamuteteza. Muziyang'ana uja womvera mawu anu onse. Mukamuiwala sakuitanani. Amangodikira.