Mawu a Marlys Kuseri kwa Khola

Orval Lindgren ndi mnansi wanga kuno kumpoto kwa Minnesota, munthu woti ngakhale mutamugirigisha sangaseke. Moyo wake wonse wakhala akuphunzitsa agalu otola abakha amene alenje awombera m'madambo. Koma ntchitoyo inali ya anthu awiri. Orval ankalamula: khala, dikira, bwera. Mkazi wake Marlys ndiye ankasewera ndi tiagalu, kutiponyera gulovu yakutha, kugubuduka nato pa udzu uku akutiitana ndi timawu tosongoka ngati ketulo yowira. Kagalu pofika m'manja mwa Orval kamakhala katakonda kale kutola zinthu.

Marlys anamwalira chipale chofewa chisanasungunuke. Galu wawo wamkazi ataswa, Orval anagulitsa ana onse n'kutsala ndi kamodzi, Biskiti.

Kagaluko kanadana ndi sukulu kuposa ine. Orval akaponya gulovu n'kukuwa kuti "Katole," iko kankalowa pansi pa galimoto. Mwana wake Joleen, wa ku Duluth, anati akadzabwera adzakatenga, poti bambo ake akungokaopseza. Koma m'nyumba monse muja, kupatula iye, chamoyo chinali kagaluko basi.

"Mkulu," ndinatero tsiku lina tikumwa khofi pakhonde pake, "galu wakoyu safuna sajeni. Akufuna chitsiru."

"Ndiye ubwere uzimuphunzitsa iweyo," anatero Orval.

"Ine ndili kale pa ntchito. Gwada pansi, umuitane ngati Marlys."

Anandiyang'ana mpaka khofi wanga anazizira. Ndinatsanzika msanga.

Loweruka lake ndinapita kukabweza makwerero ake. Ndili pageti ndinamva mawu a mkazi kuseri kwa khola: "Bwera nayo, mwana wa amayi, bwera nayo kuno." Mawuwo anali ngati a Marlys. Nditasuzumira ndinapeza ndi Orval, atagwada m'matope, chipewa chili uko, akufinya kummero kuti mawu atuluke aang'ono. Biskiti kanabwera chothamanga, gulovu ili kukamwa, n'kumugwetsa chagada.

Nthabwala zinandidzaza m'kamwa. Ndinazimeza zonse.

Anaponyanso, kagalu n'kubwera nayo. Kenako anaika gulovuyo m'thumba, iko kakudumphabe.

"Wasiyiranji, nkhalamba iwe?" ndinafunsa. "Kakufunabe."

Sanadzidzimuke. Kaya anali atandiona kale.

"Ndi mmene amachitira," anayankha ndi mawu ake enieni aja, a mwala. "Marlys ankati masewera uzisiya galu asanakhute, kuti mawa adzawafunenso." Anasasa matope m'maondo, osandiyang'ana. "Inenso anandichita zomwezo."

Joleen atabwera anaona Biskiti kakutula gulovu m'manja mwa bambo ake, ndipo anabwerera yekha ku Duluth. Masiku ano m'mawa uliwonse timawu tija timadumpha mpanda kufika kwathu. Ine ndimatseka wailesi.