Basi Sinaime pa Chimbiya

A Vinsenti ndawadziwa zaka makumi anayi, ndipo sindinama. Ndiwo ankaphunzitsa kwaya yathu ku Chongoni, ndi khutu lokha, poti manotsi a nyimbo sadziwa kuwerenga. Kwaya itaitanidwa kukaimba ku Vienna, mzinda wakale wa nyimbo, anzawo anapangana mobisa zowasiya, ati mkuluyu akawachititsa manyazi. Anawauza kuti akadikire pa Chimbiya. Anaima pamsewu ndi chikwama chawo, basi ya ku bwalo la ndege n'kudutsa osaima, m'katimo akuimba nyimbo yomwe iwo anapeka.

Mayi wogulitsa kachewere anaseka: "Bambo, ku Ulaya mwafika kale?"

Pomwepo analumbira kuti sadzaimba pa maliro a aliyense wa m'basimo. Atatu tawaika kale. A Vinsenti amabwera, n'kukhala kutsogolo, osatsegula pakamwa.