Mtedza m'makina oumitsira zovala

Mwaswera bwanji nonse? Ine kuno mutu waima.

Makina oumitsira zovala aja anabwera nawo amuna anga kuchokera ku Joni, lero angoyamba gubudugubudu ngati mwalowa miyala. Iwo azimitsa msanga n'kumasula kumbuyo, poganiza kuti lamba waduka.

Abale inu, mtedza! Makoko ndi dothi mbwee paliponse.

Apongozi anga, amene anabwera dzana kuchokera kwa Kanduku, ayankha osatekeseka n'komwe: "Nanga ndi chiperoni chimenechi ndikanauyanika pati? Si paja mumati amaumitsa?"

Tachotsa zonse, phokoso latha, koma yunifolomu ya Tadala ikungomveka fungo la mtedza wokazinga.

Ndiye ndiwaletse bwanji mwaulemu? Panopa ali pakhonde, akusenda chinangwa choti mawa aikemo.