Kusuntha Kusanu Koyamba

Ndikukumbukira tsiku limene ndinaona koyamba wotchi ya tchesi. Ndinali mu Sitandade 7 ku Chipoka, ndipo tchesiyo anandiphunzitsa ndi amalume anga, osoka maukonde. Iwo ankasuntha kamodzi n'kubwerera ku ukonde wawo, ine n'kumaganiza mpaka usipa kuuma pathandala. Lamulo lawo linali la pabawo: usanagwire kanthu, yamba wawerengera mumtima mpaka kumapeto. Ukafulumira ankakumenya kadzanja. "Ukuthamangira kuti? Sitima yakusiya?"

Aphunzitsi ponditengera ku mpikisano ku Salima anati wopambana adzapita ku Lilongwe. Ine Lilongwe ndinkangoimva. Tinakwera matola odzaza madengu a nsomba, ndipo pofika masana ndinali nditagonjetsa anthu atatu, mutu ukuwawa, diresi likununkha usipa, malata a holo akuwotcha ngati chiwaya. Ndinatopa zedi.

Wotchi inali imodzi yokha, choncho anaisungira masewero omaliza. Aliyense theka la ola. Nthawi yako ikatha, waluza. Aphunzitsi anandinong'oneza, "Zoyambazi umazidziwa kale, uzingosuntha. Nthawi usungire pakati." Ndinati inde, koma sizinalowe.

Mnyamata wa m'tauni amene ndinakumana naye m'masewero omalizawo anakankha msilikali wake n'kumenya wotchi, phaa! Ine ndinayamba kuwerengera ngati ndili pakhonde pa amalume. Kavalo ndiyambe wakumanja kapena wakumanzere? Abale, chinthu chimene ndinali nditachita kambirimbiri! Ndinangoti duu, mnzangayo akuyasamula. Kusuntha kusanu koyamba kunandidyera mphindi makumi awiri.

Chowawa n'choti ndinkapambana. Mfumukazi yake ndinadya, mfumu ndinaipanikiza pakona. Kutatsala kusuntha kuwiri kapena kutatu, iye anangoloza wotchi. Nthawi yanga inali itatha.

Sindinalire, mphamvu zolirira ndinalibe. Ndinagona ulendo wonse wobwerera. Amalume atamva anangoti, "Ndiye wakuposa ndi wotchi, osati mwanayo," n'kupitiriza kusoka. Mpaka lero mawu amenewo amandikwiyitsa.

Ku Lilongwe ndinakafika ndili kale ndi ana awiri, kukadwazika matenda. Masiku ano mwana wanga wamkazi amasewera pafoni, masewero onse mphindi zitatu basi, chala chili psatapsata. Ndikaweruka kuntchito amandiyalira bolodi, ndiye kundivutitsa kwake! "Amayi, sunthani, mwangoyamba kumene!" Ndimadziwa kuti akunena zoona. Koma dzanja limayamba laima m'malere pamwamba pa kavalo, kudikira kuti malemu amalume alimenye.