Mfundo za Udzu za a Fabiano

Cha m'ma 1930, fodya wa chikopa atadzaza minda ya ku Nambuma, nkhwangwa sizinkapuma. Mabalani oumitsira fodyayo ankameza nkhuni, ndipo amuna anapangana zokagwetsa msitu wa kumutu kwa dambo, komwe kunali kasupe amene mudzi wonse unkamwa.

A Fabiano anali munthu wofula njuchi, wopanda balani, wosachuluka mawu. Mkazi wawo, a Febe, anali wa mwendo wopuwala. Kasupeyo akanauma, madzi ena anali kutali koti mayiwo sakanafikako.

Kalelo, mtengo ukamangidwa mfundo ya udzu, ndiye kuti uli ndi mwini wake, sukhudzidwa. Amuna aja atafika ndi nkhwangwa, anapeza mitengo yonse yavala udzu.

"Alamu, mitengo yonseyi mukwatira nayo kodi?" anatero a Yakobo, mchimwene wa a Febe, anzawo n'kuseka.

"Si yanga. Eni ake sadziwa kumanga mfundo, ndangowamangira. Siyani nkhwangwazo mukawaone," anayankha a Fabiano.

Anawatsogolera pang'onopang'ono, n'kuwaletsa kulankhula. Patsinde pa mtondo anawaonetsa una wa ngaka ndi mkwasa wa mchira wake, nyama imene ambiri ankangoimva m'kamwa mwa anthu. Pa msuku panali mapazi a gwape wodzatola masuku, m'phanga la muwanga munkalira njuchi. Atafika pamitengo ya katope, anauza mlamu wawo kuti akumbe ndi dzanja. Asanafike m'chigongono, madzi anatumphuka. Kenako anawatengera kutsidya, kumene amunawo anagwetsa mitengo chaka cham'mbuyo, n'kuwauza akumbenso. Munatuluka fumbi lokhalokha.

"Nanga katopeyu mwini wake ndani?" anafunsa a Yakobo, nthabwala zitawathera.

"Mlongo wanu, alamu. Mfundoyo mumasule nokha, mukamuuze nokha."

A Yakobo anapukuta dzanja pansalu yawo. Kenako anazula udzu, n'kumanga mfundo yachiwiri pamwamba pa ija.

Mitengo ya m'mbali ina inagwabe, ndipo ngaka siionekanso. Koma a Fabiano anayendetsa anthu mumsitumo mpaka maso awo atachita khungu, ndipo a Febe anatunga pafupi kufikira imfa yawo. Amayi amene amatunga pakasupepo lero amatchulabe dzina la a Fabiano, ndipo katope uja sasowa mfundo yatsopano.